Botolo Lotsala ku Chikweo

Balaka,
3 Juni 2024

Mng'ono wanga Hellen,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndilipo, kungoti mtima suli m'malo. Ababa adzuka bwanji? Phala akumeza?

Ndalemba kalata chifukwa foni yako imagwira pokhapokha utakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo ukayankhulira pamenepo Chikweo yense amamva. A Sharifu, ogulitsa nsomba aja, avomera kumatinyamulira makalata akamabwera kumsika wa kuno.

Ndikufuna ndibwereze zimene anatiuza anamwino a kuchipinda cha odwala matenda osachiritsika, chifukwa tsiku lija unkalira ndipo sindikudziwa ngati unamva. Khansa ya kummero ya ababa yafika poti sangachire. Koma kusachira sikutanthauza kuti azibuula. Mankhwala a m'botolo aja, mofini, uziwamwetsa pa nthawi yake ululu usanayambe, osadikira kuti ayambe alira. Uziyeza ndi kasirinji kaja mpaka pamzere umene ndinalemba ndi cholembera chofiira. Usapitirire, usachepetse. Botolo lisakhale padzuwa, ndipo uliike poti ana sangalifikire.

Ndamvanso kuti ena akuuza amayi kuti agulitse mbuzi yokathokozera mankhwalawa. Zimenezo zandipsetsa mtima. Mankhwalawa ndi aulere m'chipatala cha boma. Si chifundo cha munthu wina, ndi ufulu wa ababa. Akatsala pang'ono kutha, upite ndi buku lawo la kuchipatala ukatenge ena, mutu uli chilili.

Ndalemberanso azakhali a Bernadetta ku Rivirivi. Ababa ndi mkamwini ku Chikweo, eni ake ali ku Rivirivi, ndipo tikabisa adzati tinawabisira mlongo wawo mpaka kumanda. Ndawafotokozera zonse monga anatiuzira adokotala, osasiyako.

Undiyankhe a Sharifu akamabweranso. Undiuze ngati ababa akuchita chimbudzi, pakuti mankhwalawa amamanga m'mimba.

Ndine mkulu wako,
Thandizo

*

Chikweo,
9 Juni 2024

Achemwali,

Tili bwino, kaya inu. Kalata yanu ndalandira ndipo ndawawerengera amayi, kupatula za chimbudzi zija.

Ababa asintha. Akugona, akudzuka, akutinyoza monga kale. Dzulo anatuluka n'kukhala pakhonde, n'kumalangiza amayi kasankhidwe ka thonje ngati amayiwo ayamba lero. Botolo lija alipatsa dzina, akuti ndi a kapitawo, chifukwa akafika aliyense amakhala chete. Nthawi ikayandikira amati, "Hellen, kodi a kapitawo sanafike?" Phala la madzimadzi akumeza pang'onopang'ono. Mbuzi ilipo, musadandaule.

Koma achemwali, munalemba zotani ku Rivirivi? Kwabwera uthenga woti azakhali akubwera sabata ino ndi mwana wawo Blasius, ndipo akubwera ndi galimoto. Wodzazonda wodwala amabwera ndi shuga, osati galimoto. Amayi atamva anangolowa m'nyumba. Mwambo mukuudziwa inu: mkamwini akafika poti sadzukanso, akwawo amadzamutenga kuti akatsirizikire m'manja mwa abale ake. Mukanangolemba kuti akudwala. Mawu anu oti "sachira" ndi amene aitana galimotoyo.

Bwerani msanga mudzayankhule nawo. Inu amakupatsaniko ulemu chifukwa ndinu aphunzitsi. Ine akandiona amangoona kamwana kotunga madzi.

Ndine,
Hellen

*

Rivirivi,
16 Juni 2024

Akazi anga a Thandizo,

Musakwiye ndi moni ameneyu, chisuweni sichitha ndi sukulu. Muli bwanji kutauniko? Ndimati ndikuimbireni foni, koma ndinadziwa kuti mundilalatira. Pepala sililalata.

Malume tawatenga, afika bwino Lachisanu. Tathokoza kalata yanu ija. Pa anthu onse a ku Chikweo ndinu nokha munatiuza zoona.

Amayi atawaona malume analira. Munthu anachoka kuno ali chimphona, koma ine ndamunyamula ngati mtolo wa mapesi. Tinawapeza masana dzuwa lili paliwombo ali m'tulo, kukamwa yasa, Hellen akuwadzutsa kuti awathire timadzi tina m'kamwa ndi jakisoni. Amayi anati, "Munthu watsekeka pakhosi, ndiye kuti anadya china chake. Pano akumugonekanso masana." Ine sindikunena kanthu, ndikungobwereza za akuluakulu. Botololo talisiya komweko. Za ku Chikweo zitsale ku Chikweo. Kuno tikuwapatsa panado ndi mizu ina imene amayi apeza.

Mubwere mudzawaone, pano ali pafupi nanu, kabaza amafika mpaka pakhomo. Mutitengereko sopo.

Amuna anu a ku Rivirivi,
Blasius

*

Balaka,
19 Juni 2024

Hellen,

Moni ndikukupatsa, koma za umoyo wanga usafunse.

Kalata yako yandipeza Lolemba, tsiku limodzi ndi ya Blasius. Njinga yamoto ya a Sharifu inawonongekera ku Ntaja, anakhala sabata osabwera. Ndinawerenga zoti ndibwere msanga, kenako ndinatsegula inayo n'kumva kuti ababa ali kale ku Rivirivi.

M'mawa mwake ndinapempha kwa ahedi a kusukulu kwathu n'kukwera kabaza. Hellen, ndinawamva ndisanaone nyumba. Ababa aja amene anatemedwa ndi khasu paphazi n'kumaliza mzere asanapite kukamanga bala, ndinawamva ndili kumsewu. Awagoneka pamkeka m'nyumba yakale ya agogo, aluma nsalu. Atandiona anati, "Thandizo, a kapitawo wabwera nawo?"

Ndinatuluka kukafunsa azakhali chimene anasiyira botolo. Anandiyankha akusenda chinangwa, osandiyang'ana.

"Mankhwala ogoneka anthu aja? Iyayi. Pano ayi."

"Azakhali, ndi a kuchipatala cha boma."

"Boma linalowa m'nyumba muja? Ine ndinaona amako ndi mng'ono wako."

"Koma ndi bambo anga amene akulirawa."

"Ndi bambo ako, inde. Koma pano si kwanu, kwanu ndi ku Chikweo. Uyu ndi wa m'mimba mwa amayi anga."

Blasius anati, "Akazi anga, khalani kaye pansi mumwe madzi." Ndinamuuza kuti akandiitananso choncho bambo anga akubuula, chisuweni chitha tsiku lomwelo.

Ndapita kuchipatala cha kuno. Anamwino andilandira bwino. Akuti ababa ali ndi ufulu wolandira chithandizo chomwecho kuno ku Balaka, kusamuka boma sikuchotsa kanthu, koma akufuna aone buku lawo kuti adziwe mlingo umene amamwa. Tumiza bukulo ndi botolo, usadikire kanthu.

Ndikufunse. Iwe unali kuti pamene ankawakweza m'galimoto? Unalephera ngakhale kuponya botolo m'thumba la zovala zawo?

Thandizo

*

Chikweo,
23 Juni 2024

Achemwali,

Tilipo. Mwafunsa kuti ndinali kuti. Ndinali pomwepo, botolo lili m'manja. Ndinaliika m'thumba la zovala, azakhali analitulutsa n'kuliimika pakhonde ngati chinthu chonunkha. Ndinaliikanso, analitulutsanso. Kenako anati, "Mwana iwe, ukufuna ukamutsirizire komweko?" Mudzi wonse utaima ukuonerera. Inu munali ku Balaka ndi cholembera chanu chofiira.

Ababa sanakane. Anangoti, "Ndinabwera ku Chikweo ndi khasu, ndikubwerera ndi mkeka. Sindinaluze." Anthu anaseka, iwo sanaseke. Amayi anafuna kukwera nawo, azakhali anati m'galimoto mulibe malo. Malo analimo. M'malo mwawo munakwera thumba la chinangwa chathu.

Ndikuuzeni zimene anthu akunena kuno. Akuti ndinu munakonza kuti ababa asamukire kufupi ndi Balaka kuti muziwaona osavutika ndi ulendo. Ine sindikhulupirira zonse, koma kalata munalemba ndinu, osatifunsa ife amene tinkawatembenuza ndi kuwamwetsa.

Amayi sakudya. Thonje langokhala m'nyumba losasankha. Amva kuti akunenedwa zoti anadyetsa amuna awo, munthu amene amuphikira kuyambira inu musanabadwe.

Buku ndi botolo ndakulunga m'chitenje, ndapereka kwa a Sharifu. Mukawamwetsa mundiuze.

Hellen

*

Balaka,
1 Julaye 2024

Hellen,

Ndikhulupirira mwadzuka. Katundu wafika, zikomo. Kalata ija ndinalembadi ndine. Koma amene akuti ndinakonza zimenezi abwere adzakhale pamkeka uja kwa kanthawi, adzamve zimene ndikumva.

Lachinayi anamwino awiri anapita nane ku Rivirivi. Anawayeza ababa, kenako anakhala pansi ndi azakhali n'kuwafotokozera mofatsa kuti khansa si kudyetsedwa, kuti mankhwalawa sapha koma amatontholetsa ululu, ndipo kuti wodwala aliyense wofika pamenepa ayenera kuwalandira. Anawamwetsa okha. Posakhalitsa ababa analavula nsalu ija n'kugona. Azakhali anaomba m'manja, anathokoza, anawapatsa anamwinowo mtedza wa m'njira. Galimoto ya anamwino itangokhota, azakhali anatenga botolo n'kulitsekera m'sutikesi mwawo, kiyi n'kumumanga pamfundo ya chitenje.

"Waona?" anatero. "Angomwa, agona. Munthu wamoyo amagona masana?"

"Agona chifukwa chifikireni kuno sanagone."

"Akamabuula timadziwa kuti alipo."

Mawu amenewo sakundichoka m'mutu. Ndimakhala ndikulemba pabolodi, ana akudikira, ine ndikumva mawu amenewo. Ndapita kwa abambo mfumu, akuti adzayankhula nawo akapeza mpata. Ndinaganiza zopita kupolisi, koma ndikanena kuti chiyani? Kuti azakhali anga akukonda mlongo wawo molakwika? Pakuti amawakondadi, Hellen, ndipo chimenecho ndi chimene chikundipweteka kwambiri. Amakhala pambali pawo tsiku lonse, akuwapukuta thukuta, misozi ili mbwembwembwe. Ufulu uja ndinkakulembera uli m'sutikesi, kumutu kwenikweni kwa mkeka wawo.

Dzulo ababa anandigwira dzanja. Anati, "Amako akudya? Uwauze kuti mbuzi asagulitse." Kenako ululu unabwera, anayamba kuitana amayi ndi dzina lawo la paubwana, ine ndinathawira panja. Ndime imeneyi usawawerengere amayi.

Thandizo

*

Chikweo,
4 Julaye 2024

Achemwali,

Amayi ndawawerengera yonse. Anandigwira kuti ndikudumpha, chifukwa pepala linali lodzaza koma mawu anga anatha msanga.

M'mawa uno ndapeza avala kale chitenje chawo cha kutchalitchi, akudikira a Sharifu pamsewu. Kalatayi ndikulemba ndili chiimire, ifika pamodzi ndi iwo. Ndawauza kuti ku Rivirivi sanaitanidwe, akachititsidwa manyazi. Akuti manyazi anatha tsiku la galimoto lija.

Muwaperekeze. Koma akuti musakawayankhulire, akayankhula okha.

Hellen

*

Balaka,
7 Julaye 2024

Mng'ono wanga Hellen,

Moni. Khala pansi uwerenge bwino, ndipo usadumphe.

Tinafika ku Rivirivi Lachisanu m'mawa. Azakhali anali pabwalo ndi amayi ena a m'mudzimo. Palibe anatiyalira mkeka. M'nyumba ababa ankabuula. Amayi anamva, koma sanalowe. Anagwada padothi patali pang'ono n'kupereka moni kwa aliyense monga mwa mwambo. Atamaliza anati:

"Alamu, ndamva kuti ndinadyetsa mlongo wanu."

"Ine sindinatchule dzina."

"Simunatchule, koma wophika m'nyumba muja ndine ndekha. Tulutsani botolo."

Azakhali anayang'ana amayi anzawo aja. Mmodzi anati, "Tulutsani, timve." Azakhali anamasula kiyi, analowa, anabwera nalo atagwira ndi nsonga za zala.

Amayi anati, "Kwathu, ndi kwanu kuno komwe, munthu akapatsa mlendo thobwa amayamba walawa yekha, kuchotsa ufiti. Ine ndinalakwa, mankhwala awa ndinapereka osalawa. Thandizo, yeza. Mlingo womwe amamwa abambo ako."

Ndinati, "Amayi, ili si thobwa. Awa ndi mankhwala a munthu wodwala, inu thupi lanu silinawazolowere. Anamwino analetsa."

"Yeza, kapena ndimwere m'botolo."

Ukuwadziwa amayi. Akanamweradi m'botolo. Ndinayamba kuyeza. Ndinafuna kuchepetsako mobisa, koma azakhali anali atasendera pafupi, diso lili pamzere wofiira uja. Mzere wanga womwe, Hellen. Ndinakoka mpaka pamenepo.

Amayi anameza, anakwinya nkhope. Anati, "Kuwawa chonchi, ndiye abambo ako amawalemekeza?" Kenako anakatsamira mtengo wa mango uli pabwalopo, natambasula miyendo. "Ndikafa, mundiike konkuno, mudzakhala mwapeza umboni wanu. Ndikadzuka, botolo likhala kwa ine."

Ndinathamangira kuseri n'kuimbira anamwino aja. Anandikalipira, ndipo anayenera kutero. Anandiuza zoti ndiziyang'anira pa kapumidwe ka amayi, n'kuti zikasintha tithamange nawo. Ndinabwerera n'kukhala pambali pawo.

Anayamba ndi chizungulire. Anasanza kamodzi. Kenako mutu unapendekera paphewa, anagona. Amayi a m'mudzi aja anayamba kunong'onezana, wina anati, "Si izo." Blasius sananene nthabwala ngakhale imodzi. Anakabwereka njinga yamoto n'kuiimika pafupi, iye chilili pambali pake. Azakhali anabwera kudzakhala mbali inayo. Ankayang'ana chifuwa cha amayi chikukwera ndi kutsika, ndipo ntchentche zikatera pankhope pawo ankaziingitsa ndi nsonga ya chitenje. Ndikuganiza kuti sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo. M'nyumba ababa ankabuulabe. Tinakhala choncho, mmodzi akugona panja ndi mankhwala a mnzake, mwini mankhwala akulira m'kati.

Dzuwa litapendeka amayi anatsegula maso. Anayang'ana uku ndi uku, nati, "Kodi pamudzi pano madzi akumwa amagulitsa?"

Palibe anaseka. Azakhali anadzuka, anakatunga madzi m'chikho. Atafika pamaso pa amayi anaima, anamwako iwo kaye, kenako n'kupereka. Amayi anamwa onse. Azakhali anatenga botolo lija n'kuliika pamiyendo pa amayi.

Amayi ndinawagwirizira polowa m'nyumba chifukwa miyendo inali idakali yofooka. Ababa anatembenuza mutu.

"Mwabwera?"

"Ndabwera."

"Nokha?"

"Ndi a kapitawo anu."

Ndinayeza, amayi anawamwetsa. Tinadikira. Pang'onopang'ono zala zawo zinasiya kukanda mkeka. Asanagone anati, "Ndamva kuti mwandimwera mankhwala. Zaka zonsezi mumanditherera ndiwo, pano mwafika pa mankhwala."

Usaganize kuti mtima wanga wagwa pansi. Ndakwiya kuposa kale. Mankhwala analipo, aulere. Anamwino anafika mpaka pakhomo. Lamulo linali kumbali ya ababa kuyambira tsiku loyamba. Koma munthu walira masabata onsewa, masiku ake ochepa omwewo, mpaka mayi wokalamba aike moyo wake pachiswe pansi pa mtengo wa mango. Akanapanda kudzuka bwenzi lero ndikukulembera zotani? Ndawauza amayi kuti asadzayerekezenso, ndipo iwenso usadzauze munthu kuti imeneyi ndi njira. Anandiyankha kuti ndimayankhula ngati chikwangwani cha kuchipatala.

Blasius akufuna kundiyankhula. Sindinakonzeke.

Amayi atsala komweko. Botolo likatsala pang'ono ndikatenga lina kuno.

Ndine mkulu wako,
Thandizo

*

Rivirivi,
14 Julaye 2024

Hellen mwana wanga,

Akulemba ndi Blasius, ine ndikungonena. Thandizo ali ku Balaka, komanso iye ndikamuuza mawu awiri amalemba khumi.

Ine ndili bwino, kaya iwe ndi a pamudzi. Abambo ako sakubuulanso. Koma usanamizidwe, pakhosi patsala pang'ono kutsekeka, phala likubwerera, ndipo anamwino atiuza kuti masiku ndi ochepa. Dzulo tinawatulutsa pakhomo, anakhala ndi azakhali ako akukangana za amene anakankhira mnzake mu Rivirivi ali ana. Aliyense akuti ndi mnzakeyo. Anaseka mpaka kutsokomola.

M'mawa ndimamwetsa ine, masana azakhali ako. Amayeza bwino kuposa ine, mzere wofiira uja amauopa ngati wapolisi. Sitinapepesane. Timangopatsana botolo.

Thonje ulisiye, silithawa. Mbuzi ukaisiye kwa aneba athu a Fauziya. Ubwere ndi a Sharifu Lachinayi, ndipo utenge malaya oyera a abambo ako aja ali pansi pa sutikesi, uwachape kaye. Akukufunsa. Akuti tonse kuno timawamwetsa ngati tikumwetsa mbuzi, wodziwa ndiwe. Usachedwe.

Ndine mayi ako.

Ine Blasius ndawonjezera izi ndekha, sanandiuze. Ukafika ku Balaka usakwere kabaza, ndidzakuchingamira ndi galimoto ija. Malo alimo.